Mdima wa m'Nthano za ku Ulaya ndi Achinyamata Oziŵerenga

Chiyambire zaka za m'ma 1970, olemba mabuku a achinyamata, makamaka ku America, akhala akutenga nthano zakale za ku Ulaya nkumazilemba mwatsopano, koma mozamitsa zoŵaŵa zake. Makolo ena amadandaula kuti olembaŵa aipitsa nthano zimene zinali zokoma. Ife tikuona kuti dandauloli laiŵala mbiri ya nthanozo, ndiponso kuti chimene chimakopa anyamata ndi asungwana si magazi ayi, koma malo amene choopsa chija chaikidwa.

Tiyambe ndi mbiriyo. M'buku la Charles Perrault la m'chaka cha 1697, kamsungwana kovala chisoti chofiira kamadyedwa ndi mmbulu, nthano nkuthera pomwepo. Mlenje wodzang'amba mimba ya chilombocho timampeza m'buku la Jacob ndi Wilhelm Grimm, limene linatuluka koyamba mu 1812. Komatu abale aŵiriŵa, makamaka Wilhelm, anapitiriza kukonza bukulo mpaka mu 1857, ndipo zimene anasintha n'zofunika kuziyang'ana bwino. Poyamba, mfumukazi yofuna kupha Snow White inali mayi wake womubala. Mu 1819 inasanduka mayi wopeza. Mayi wa Hansel ndi Gretel, amene anaumiriza mwamuna wake kuti akataye ana m'nkhalango chifukwa cha njala, nayenso anasandutsidwa wopeza mu 1840. Rapunzel wa mu 1812 amafunsa nkhalamba yomusunga chifukwa chimene zovala zayamba kumthina, osadziŵa kuti ali ndi pakati. Funso limeneli linafufutidwa. Chikhalirecho nkhanza sizinachepe, pakuti nkhunda zokolowola maso a abale a Cinderella zinachita kuonjezedwa mu 1819. Ndiye kuti Wilhelm sankaopa magazi. Ankaopa kuuza ana kuti choipa chingachokere kwa munthu amene anaŵabala.

Apa mpamene olemba atsopano abwerera. Donna Jo Napoli, m'buku lake lotchedwa Zel la mu 1996, anaika nthano ya Rapunzel ku Switzerland wa zaka za m'ma 1500, napatsa mayi wolera uja mpata wodzifotokozera yekha. Iye ndi mkazi wosabereka amene anagulitsa mzimu wake kuti apeze mwana, ndipo mwanayo amamkonda ndithu. Msungwanayo atangoyamba kuyang'ana mnyamata, mayiyo amtsekera m'nsanja nkumuuza kuti akumteteza kwa adani. Ndipo ife oŵerenga timaona nzeru za mwanayo zikusokonekera pang'onopang'ono, mayi akumbweretserabe chakudya tsiku ndi tsiku. Mulibe chilombo cha mano aatali m'menemo. Choopsa ndi dzanja lomwelo limene limapesa tsitsi.

Nanga n'chifukwa chiyani wachinyamata wa zaka 14 kapena 15 amakopeka ndi zotere? Mwana wamng'ono amafuna kuti mfiti ikhale mfiti basi, mayi akhale mayi basi. Bruno Bettelheim, m'buku lake la mu 1976, ananena kuti kugaŵa kotere kumathandiza mwanayo kukwiyira mayi wopeza wa m'nthano popanda kutaya mayi wake weniweni. Koma wotha msinkhu wadutsa kale pamenepo. Waona kuti chikondi ndi kupweteka zimatha kutuluka pakhomo limodzi, ngakhale sanapeze mawu oti anenere. Buku lomuuza kuti zoipa zonse zili kuthengo amaliyesa lomunamiza. Chinanso n'chakuti nthanoyo amaidziŵa kale, motero saŵerenga kuti amve mathero. Amaŵerenga ali tcheru kuti aone pamene wolemba apatuke panjira yozoloŵereka, ndipo kupatuka pang'ono chabe kumamgunda mtima koposa mutu wodulidwa. Nthano yodziŵikayo imakhalanso ngati mpanda: ali m'kati mwake angathe kuyang'ana zinthu zimene akadazithaŵa zikadanenedwa poyera.

Tisanamizane, si onse amene amakhoza. Alipo mabuku ambiri amene amangothira magazi pamwamba, chilombo nkuchisandutsa mnyamata wokongola wokonda kukwiya, mdima wake nkukhala wa pachikuto pokha. Ndipo ngakhale pakati pa olemba aluso malire savomerezana. Buku la Margo Lanagan wa ku Australia, Tender Morsels, la mu 2008, limayamba ndi msungwana wogwiriridwa ndi bambo wake, ndipo linautsa mkangano woti kodi n'loyenera achinyamata kapena ayi, ngakhale linalandira ulemu wa mphotho ya Printz mu 2009.

Kwa ife, buku loonetsa bwino mphamvu ya kunena mophiphiritsa ndi Briar Rose la Jane Yolen, la mu 1992, limene linalembedwera akuluakulu koma pambuyo pake linasindikizidwanso ngati la achinyamata. Gogo wina wachiyuda ku America amasimbira adzukulu ake nthano imodzi yokha, ya mwana wa mfumu wogona tulo tatitali, ndipo amaisimba mopotoka: nkhungu inakuta nyumba yachifumu, onse anagona, koma anadzuka mmodzi yekha. Gogoyo atamwalira, mdzukulu wake Becca apita ku Poland, nakafika ku Chełmno, kumene kuyambira mu December 1941 a Nazi ankapha anthu ndi utsi wa injini m'magalimoto otsekedwa. Kumeneko amva kuti nkhungu ija inali utsiwo, ndi kuti mpsopsono wa kalonga unali mpweya umene munthu wina anauzira m'kamwa mwa msungwana wopezeka m'dzenje la mitembo asanatsirizike. Gogoyo anali ataiŵala ngakhale dzina lake lenileni. Chimene chinamtsalira ndi nthanoyo, ndipo ankaibwereza osasintha mawu, adzukulu aakulu akutopa nayo, wamng'ono yekha akumvetsera.