PHINDU LA KAMPANI YA MAFUTA: KODI LIMAPANGIDWA POTI?

HARARE.— Munthu wokhala ku Mabvuku kapena ku Tafara akamapita ku nchito m'tauni m'mamawa amadutsa pa Msasa, pamene pali matanki akuru-akuru osungiramo petulo ndi dizilo. Mafuta a m'matanki amenewo ndiwo amayendetsa kombi imene iye wakwera, ndi lole imene yabweretsa tomato ndi kabichi ku Mbare Musika. Koma mafutawo sanakumbidwe kuno, ndipo sanayengedwe kuno. Mtengo wace unayamba kupangidwa kutali, ndi anthu amene sanapondepo phazi ku Mabvuku.

Makampani akuru a mafuta amatulutsa lipoti kanai pa caka, pakutha pa miyezi itatu iri yonse, lofotokoza mafuta amene akumba, amene ayenga, amene agulitsa, ndi ndarama zimene apindula kapena kutaya. Lipotilo amalembera eni masheya, ndiwo anthu amene anaikamo ndarama zao m'kampanimo. Koma ife tiyesa kuti owerenga athu a ku Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa ndi malokeshoni ena, amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete, angathe kutolamo nzeru, pakuti lipoti lotere limaonetsa poyera kumene ndarama ya munthu wogula mafuta imakathera.

Titenga citsanzo ca kampani ya ku France ya TotalEnergies, imene anthu ambiri amaichulabe ndi dzina lace lakale la Total. Kampaniyi inayamba mu 1924. Mu 2005 inagula malonda a Mobil m'maiko 14 a mu Africa, ndipo mwa maikowo munali Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique. Dzina latsopanoli inalitenga mu 2021.

KUYAMBIRA PA CITSIME KUFIKIRA PA PAMPU

Kampani yotere siiri ngati mwini sitolo amene amangogula ndi kugulitsa. Iyo imagwira nchito yonse. Poyamba imafuna mafuta pansi pa nthaka ndi pansi pa nyanja, niwakumba, monga icitira ku Angola ndi ku Nigeria. Kenaka imawanyamula pa zombo ndi m'mipope. Pambuyo pace imawayenga m'mafakitale, m'mene mafuta akuda amatenthedwa kufikira atapatukana: gasi, petulo, palafini, dizilo, ndi phula la miseu lotsalira pansi. Potsiriza imawagulitsa m'magaraji.

Muyeso wa malonda amenewa ndiwo mgolo, umene ulowa malita 159, kapena magaloni 35. Ndi wocepa pang'ono poyerekeza ndi dramu la magaloni 44 limene amai amasungiramo madzi pa khomo. M'caka ca 2023 TotalEnergies inali kutulutsa mafuta ndi gasi zokwana migolo pafupifupi mamiliyoni 2.5 tsiku liri lonse.

Cifukwa cogwirira nchito zonsezi pamodzi ncosabvuta kumva. Taganizani za mlimi wa cimanga amene ali ndi cigayo cace-cace ndi sitolo yace ya ufa. Cimanga cikakwera mtengo, iye apindula ku munda. Cikatsika, cigayo cace cigula mochipa, ndipo kutayika kwa ku munda kucepetsedwa ndi phindu la pa ufa. Munthu amene alibe munda kapena cigayo, amene angogula ufa wa m'pepala madzulo ali onse, ndiye alibe pothawira.

CAKA CA MLIRI

Tiyeni tione malipoti awiri a miyezi imodzi-modzi, April kufikira June, koma a zaka zosiyana.

Loyamba ndi la 2020, caka ca mliri wa Covid-19. Ndege zinaima, ndipo magalimoto anakhala pa khomo m'maiko ambiri. Kuno ku Zimbabwe lamulo loti anthu akhale m'nyumba linayamba pa 30 March. Mgolo wa mafuta a Brent, ndiwo a ku North Sea amene mtengo wace umatsogolera mitengo yina, unatsika kufika pafupifupi madola 30 a ku America. Pa 20 April kunacitika cinthu cosaonekapo ndi kale lonse: pa msika wa ku America mtengo unatsika kupitirira pa ziro, kotero kuti mwini mafuta anali kulipira munthu woti amcotsere, cifukwa mosungira munali mutadzaza.

Lipoti la Total la miyezi imeneyo linali ndi manambala awiri amene angasokoneze munthu. Nambala yoyamba inati kampani yapindula madola mamiliyoni 126. Yaciwiri inati kampani yataya madola mabiliyoni 8.4, ndipo biliyoni imodzi ndiyo mamiliyoni 1,000. Zonse ziwiri zinali zoona. Yoyamba inawerenga nchito ya masiku onse ya kukumba, kuyenga ndi kugulitsa. Yaciwiri inaonjezapo mabiliyoni 8.1 amene kampani inafafaniza m'mabuku, pobvomereza kuti malo ena, makamaka mcenga wa mafuta wa ku Canada, sadzabweretsa ndarama zimene anayembekeza. Kuli ngati munthu amene anagula munda pa mtengo waukuru, nazindikira pambuyo pace kuti nthaka yace njosabala. Ndarama sizinaturuke m'thumba mwace mwezi umenewo, koma cuma cace cacepa.

Tikasanthula mbali ndi mbali tipeza mlimi wathu uja wa cigayo. Mbali ya kukumba inataya madola oposa mamiliyoni 200. Koma mbali ya kuyenga inapindula oposa mamiliyoni 500, ndipo inathandizidwa ndi amalonda a kampani amene amagula mafuta pamene achipa ndi kuwagulitsa mtsogolo. Total inapitiriza kulipira eni masheya gawo lao monga kale. Shell, mu April caka comweco, inacepetsa gawo la eni masheya ace kwa nthawi yoyamba citathere nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo BP inadula lace pakati mu August.

CAKA CA NKHONDO

Lipoti laciwiri ndi la 2022. Pa 24 February asilikari a Russia analowa m'dziko la Ukraine, ndipo maiko a ku Ulaya anayamba kufuna mafuta ndi gasi kwina. Mgolo uja wa madola 30 unapitirira madola 110. Dizilo anasowa, kotero mafakitale oyenga naonso anapindula koposa masiku onse. M'miyezi itatu yokhayo, phindu la nchito ya TotalEnergies linafika madola mabiliyoni 9.8, ndiko kuti kuposa ka 70 phindu la miyezi yomweyo mu 2020. Shell inalengeza mabiliyoni 11.5.

Tsono nambala imene tifuna kuti owerenga aisunge ndi iyi. Pa caka conse ca 2022, mbali ya kukumba inabweretsera TotalEnergies pafupifupi madola mabiliyoni 17.5. Mbali ya gasi ndi magetsi inabweretsa oposa 12, ndipo ya kuyenga oposa 7. Koma mbali ya kugulitsa, imene iphatikiza magaraji onse a kampaniyi pa dziko lapansi, a ku Paris ndi a ku Harare omwe, inabweretsa pafupifupi mabiliyoni 1.5 okha.

Cotero munthu akakalipira mnyamata wa pa pampu cifukwa ca kukwera kwa petulo, akalipira wosalakwa. Mwini garaji amapatsidwa kagawo kocepa pa lita iri yonse, ndipo kagawoko sikakula kweni-kweni mtengo wa mgolo ukakwera. Phindu lalikuru liri ku citsime ndi ku fakitale yoyengera, ndipo dziko la Zimbabwe liribe zonse ziwiri.

FAKITALE IMENE INAFA IRI YAING'ONO

Sikuti nkale lonse zinali conco ai. Cakumayambiriro kwa 1965 kunatsegulidwa fakitale yoyengera mafuta pa Feruka, pafupi ndi Umtali, umene lero uchedwa Mutare. Eni ace anali makampani asanu ndi awiri, ndipo mwa iwo munali Shell, BP, Mobil, Caltex ndi Total. Mafuta akuda anali kudza pa mpope wa makilomita pafupifupi 300 kucokera ku doko la Beira, ndipo mwini wamkuru wa mpopewo anali Lonrho.

Pa 11 November caka comweco Boma la Ian Smith linadzipatula lokha kwa Britain. Mu December Britain inaletsa kutumiza mafuta ku Rhodesia, mpope unauma, ndipo mu January 1966 fakitale ya Feruka inaima isanakwanitse ndi caka comwe. Siinayengenso mafuta. Zombo za nkhondo za Britain zinalonda njira ya ku Beira kuyambira 1966 kufikira 1975, ndipo petulo anayamba kugulidwa ndi matikiti.

Komabe magalimoto a mu Salisbury sanaime. Mafuta oyenga kale anali kulowa pa njanji kucokera ku Lourenço Marques ndi ku South Africa. Mu 1978 lipoti la Thomas Bingham, amene Boma la Britain linamtuma kuti afufuze, linaonetsa kuti nthambi za Shell ndi BP zinatengamo mbali, ndi kuti kwa zaka zina zinapangana ndi Total ya ku South Africa zosinthana mafuta. Caka comweco, pa 11 December, ankhondo a ZANLA anatentha matanki a mafuta ku Southerton. Akuru-akuru a ku Mbare ndi ku Highfield, amene ali moyandikana ndi malowo, akumbukabe utsi wakuda umene unaphimba mzinda kwa masiku angapo.

Dziko litalandira ufulu, mpope wa ku Beira unayambanso nchito mu 1982, koma tsopano unali kunyamula petulo ndi dizilo oyengedwa kale kunja. Pambuyo pace anauonjezera makilomita oposa 200 kucokera ku Feruka kufika pa Msasa, ndipo ku Mabvuku anamangako mosungira mwina. Makampani akale ambiri anacoka. Malonda a BP ndi Shell anagulidwa ndi anthu a kuno, nachedwa Zuva. Cimene cipangidwa m'dziko muno pa lita ya petulo ndico mowa wa nzimbe wa ku Chisumbanje ndi ku Triangle, umene lamulo la 2013 linakakamiza kuti uzisakanizidwa ndi petulo. Mu December 2023 kampani ya ku Australia ya Invictus Energy inalengeza kuti yapeza gasi ku Muzarabani. Koma kupeza ndi kwina, kufikitsa pa msika ndi kwinanso, ndipo pakati pace pamapita zaka.

Kwathu ku Malawi nkhani ndi yomweyo: kulibe citsime, kulibe fakitale, ndipo mafuta amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam.

ZIMENE LIPOTI SILINENA

Tisanamize owerenga kuti mtengo wonse wa pa pampu upangidwa ndi makampani a kunja. Pa mtengowo pali manja atatu. Loyamba ndilo msika wa dziko lapansi, umene tafotokoza. Laciwiri ndilo Boma, limene limatenga misonkho pa lita iri yonse, ndipo bungwe lace la ZERA ndilo limalengeza mtengo wosayenera kupitirira. Lacitatu ndilo mphamvu ya ndarama ya dziko, pakuti mafuta onse a kunja amagulidwa ndi madola a ku America.

Dzanja lacitatuli ndilo linapweteka anthu mu January 2019. Mgolo unali pa madola pafupifupi 60, mtengo wosadabwitsa konse, koma dziko linalibe madola okwanira. Pa 12 January Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti petulo akhala pa 3.31 ndi dizilo pa 3.11 pa lita, m'ndarama ya m'dziko muno, kuposa kawiri mtengo wa dzulo lace. Pa 14 January anthu anakana kupita ku nchito, ndipo m'malokeshoni a Harare ndi Bulawayo munabuka cipolowe. Anthu anafa, ena anabvulala, ambiri anamangidwa. Ngakhale mu 2020, pamene mafuta anachipa pa dziko lonse, mizere ya magalimoto inalipobe pa magaraji a mu Harare. Zimenezi simungazipeze m'lipoti la ku Paris.

MAFUNSO ATATU

Malipoti amenewa amaturuka cakumapeto kwa April, July ndi October, ndipo la caka conse mu February. Mukamva pa wailesi kuti kampani yakuti yapindula mabiliyoni akuti, funsani mafunso atatu. Kodi mgolo unali pa mtengo wanji m'miyezi imeneyo? Kodi nambala imene achula ndi ya nchito ya masiku onse, kapena aphatikizamo zofafaniza m'mabuku? Kodi phindulo lacokera mbali iti, ku citsime, ku fakitale kapena ku pampu?

Akuru anati cakudza siciimba ng'oma. Koma pa nkhani ya mafuta ng'oma iripo, ndiyo mtengo wa mgolo pamodzi ndi mtengo wa dola pa msika. Ziwirizi zikakwera, sipapita masabata ambiri mwini kombi asanakweze mtengo wa ulendo wa ku tauni, ndipo wa lole ya ku Mbare Musika amatsatira. Bambo kapena mai amene amva ng'omayo msanga angathe kudzaza gasi wa pa citofu, kugula palafini wa nyali, ndi kupatula ndarama ya ana ya ulendo wa ku sukulu mwezi usanafike pakati.