KODI NKUTHEKA KUKUMBA DZENJE LOBOOLA DZIKO?

Munthu wa mu Lusaka atakumba dzenje loongoka, napitirira nalo kufikira ataboola dziko lonse, sangatulukire ku Amereka kapena ku China monga momwe ana a sukulu amakanganirana. Mapu a pa intaneti oonetsa malo okhala kuseri kwa dziko akusonyeza kuti iye angatulukire pansi pa nyanja ya Pacific, kum'mwera cakum'mawa kwa zisumbu za Hawaii. Madzi a nyanjayo ndiwo angakhale oyamba kumlonjera.

Masiku ano mwana ali yense wokhala ndi lamya ya m'manja akhoza kupereka funsoli ku makina owerengetsa a pa intaneti, ndipo yankho limabwera msanga: wogwera m'dzenjemo angafike tsidya linalo m'mphindi 42. Ulendowo ndi wa makilomita 12,742. Liwiro lace limakulirakulira kufikira pakati pa dziko, pomwe amathamanga makilomita pafupifupi 8 pa sekondi imodzi. Akapitirira pamenepo, mphamvu yomwe inamkokera pansi iyamba kumbweza, kotero kuti afika pakamwa pa dzenje liwiro litatheratu. Akalephera kugwira m'mphepete, abwereranso kumene anacokera.

Ciwerengero ca 42 cimapezeka poyesa kuti dziko ndi lolemera cimodzimodzi ponseponse, pamene pakati pace pali citsulo colemera koposa miyala ya pamwamba. M'caka ca 2015 Alexander Klotz, wophunzira pa McGill University ku Canada, anawerenganso poganizira zimenezi, napeza mphindi 38.

Aphunzitsi angacite bwino kucenjeza ana kuti makinawa amayankha atacotsa zobvuta zonse. Amayesa kuti m'dzenjemo mulibe mpweya ngakhale kutentha, ndiponso kuti dziko silizungulira. Popeza limazungulira, wogwayo angagunde khoma asanapite patali, pokhapokha dzenjelo litacokera ku North Pole kukafika ku South Pole.

Za kutentha afunseni anchito a m'migodi ya ku Kitwe ndi Mufulira, amene adziwa kuti munthu akamatsikiratsikira thukuta nalonso limacuruka. Ku mgodi wa golide wa Mponeng, mu South Africa, wakuya pafupifupi makilomita 4, thanthwe limatentha kufika madigiri 60, ndipo amatsitsirako madzi oundana kuti anthu athe kugwira nchito.

Dzenje lakuya koposa onse amene anthu anakumba liri ku Kola, kumpoto kwa Russia. Akatswiri a Soviet Union anayamba kuliboola mu 1970, ndipo mu 1989 anafika pa mamita 12,262. M'mimba mwace ndi masentimita 23 cabe, moti munthu wamkulu sangakwanemo. Pansi pace anapeza kutentha kwa madigiri 180 m'malo mwa 100 amene anayembekezera, thanthwe linayamba kufewa ndi kutseka njira, ndipo mu 1992 kuboolako kunalekeka. Zaka 19 za nchito yowawa zinangowafikitsa pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a ulendo wonse.

Kunsi kwace kukali zoopsya zoposa. Pa makilomita 2,900 thanthwe limatha, ndipo pamayamba citsulo cosungunuka conga madzi, cimene palibe khoma lingacichinge kuti cisadzaze dzenjelo. Pakati peni peni pa dziko kutentha kumapitirira madigiri 5,000.