Musanaike giyabokosi ya otomatiki, yambani mwawerenga mano a difu

Alimi ambiri a kachewere, kabichi ndi tomato ku Tsangano, Lizulu ndi Mlangeni amadalira mapikiapu akale monga Toyota Hilux kuti mbewu zao zifike pamsika. Injini ikatha amagula ina yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan, ndipo ena amaitenga pamodzi ndi giyabokosi yake ya otomatiki. Poyendera alimi ndamva dandaulo limodzi kambirimbiri: injini ikulira bwino, koma galimoto ikasenza matumba ikulephera chitunda. Kawirikawiri gwero la vutoli limakhala kumbuyo, mu difu.

M'kati mwa difu muli magiya awiri, lalikulu lotchedwa crown ndi laling'ono lotchedwa pinion. Mukagawa mano a crown ndi mano a pinion mumapeza nambala ya difu yanu. Mano 41 ndi 10 amapereka 4.10, pamene mano 39 ndi 8 amapereka 4.88. Nambala ikakula galimoto imakoka kwambiri, koma injini imazungulira msanga. Ikachepa galimoto imathamanga mopepuka, koma imanyamuka mofooka. Amene anakwerapo chitunda pa njinga ya magiya akudziwa zimene ndikunenazi.

Nanga otomatiki ikusintha chiyani? Giya yoyamba ya giyabokosi yamanja ya Toyota yotchedwa W56 ndi 3.95, pamene ya otomatiki yotchedwa A340 ndi 2.80 chabe. Pa difu ya 4.10, yamanja imapatsa injini mpata wozungulira ka 16 kuti tayala lizungulire kamodzi, koma ya otomatiki ka 11 ndi theka basi. Mphamvu yoperewerayo imachokera ku torque converter, chipangizo chodzaza mafuta chimene chimalowa m'malo mwa kilachi. Chimathandizadi ponyamuka, koma chikamavutika ndi katundu pa chitunda chimatenthetsa mafuta. Mafuta akapsa, giyabokosi nayo yatha, tomato n'kuwolera panjira.

Ubwino wa A340 uli pa giya yake yachinayi ya 0.70, imene imapumitsa injini pa tala. Tayala la 185R14 limazungulira pafupifupi ka 490 pa kilomita. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, difu ya 4.88 imazungulitsa injini pafupifupi ka 2,250 pa mphindi, zomwe n'zabwinobwino paulendo wa mu msewu wa M1 wopita ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Koma otomatiki ya magiya atatu ilibe giya yopumitsira imeneyi. Pa difu yomweyo injini izungulira pafupifupi ka 3,200, ikulira ngati chigayo ndi kumwa mafuta ambiri.

Tsono malangizo anga ndi awa. Ngati mumatenga katundu m'minda ya ku Tsangano kapena mumakwera kuchokera ku chigwa cha Bwanje kudzera ku Kasinje, ndipo otomatiki yanu ndi ya magiya anayi, funani difu ya 4.56 kapena 4.88. Ngati ndi ya magiya atatu, musapitirire 4.30, ndipo muchepetse matumba.

Kudziwa nambala ya difu sikulira kumasula chilichonse. Imikani galimoto pamalo afulati, ikani miyala kumatayala akutsogolo, chotsani giya ndi handibuleki, ndipo kwezani tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke. Lembani chizindikiro cha choko pa tayalalo ndi pa propshaft. Zungulitsani tayala kawiri kwathunthu, mnzanu akuwerenga propshaft ali pambali, osalowa pansi pa galimoto. Ikazungulira kanayi ndi pang'ono, ndi 4.10; ikatsala pang'ono kukwana kasanu, ndi 4.88. Mukamagula difu yomasula kale, werengani nokha mano ake pamaso pa wogulitsa.

Kumbukiraninso zinthu zinayi. Galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imafuna nambala yofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Matayala akuluakulu amafooketsa difu, choncho musawakulitse chisawawa. Uzani makaniko wanu akuikireni choziziritsira mafuta a giyabokosi patsogolo pa rediyeta. Pomaliza, otomatiki siilira pokankha. Batire likafooka muli kumunda, mugona komweko.

Alimi anzanga, phindu la kachewere limaoneka thumba likafika pamsika. Musanapereke ndalama kwa makaniko, mufunseni nambala ya difu yanu, ndipo ngati sakuidziwa, tengani choko mukawerengere limodzi.