Nyimbo zanu za zaumoyo zisafere mu kompyuta yakale

Ngati gulu lanu la ku Golomoti, Mua kapena Mtakataka linajambula nyimbo zophunzitsa za kolera, malungo ndi katemera, musathamangire kutaya kompyuta yakale mukapeza yatsopano. Mapulogalamu ambiri ojambulira nyimbo amayendera laisensi, chilolezo chomwe kawirikawiri chimamangiriridwa ku kompyuta imodzi. Mukasamutsa pulogalamuyo ikhoza kukana kutseguka, nyimbo zanu n'kutsekeredwa momwemo.

Choyamba, yatsani yakaleyo ndipo musandutse nyimbo iliyonse kukhala WAV kapena MP3, mafayilo omwe amamveka ngakhale pa foni. Kenako funani nambala ya laisensi, muchotse chilolezo pa yakale musanachiike pa yatsopano. Ngati nambalayo inatayika, ikani Audacity, pulogalamu yaulere. Mapulogalamu akuba apeweni chifukwa ambiri amabwera ndi mavairasi. Ngati yakaleyo ndi ya Windows 7, musaizoloweze intaneti: Microsoft inasiya kuiteteza pa 14 January 2020.

Kutentha ndi chinyezi cha kunyanja kuno zimawononga makaseti ndi ma CD, choncho sungani nyimbozo pa mafulashi awiri, m'nyumba zosiyana. Chitani izi mvula isanagwe, pamene nyimbo za kolera zidzafunike pamsonkhano wa m'mudzi.