MTIMA UKAYAMBANSO KUGUNDA, NGOZI IKALIPO

Pa 17 Marichi 2012 Fabrice Muamba, mnyamata wa zaka 23 wobadwira ku Kinshasa, anagwa m'bwalo la mpira ku London pamene timu yace ya Bolton inali kusewera ndi Tottenham. Mtima wace unaima kwa mphindi 78. Madokotala anakanikiza cifuwa cace kosalekeza ndi kumdzidzimutsa ndi magetsi maulendo 15, mpaka mtimawo unayambanso m'cipatala ca London Chest.

Ambiri a ife tikadati basi wacira. Madokotala sanatero, pakuti mtima umene wangodzuka kumene uli wofooka, ndipo bongo umene unasowa mpweya umayamba kutupa. Anthu ambiri otsitsimutsidwa motere amafa m'masiku otsatira.

Ndico cifukwa cace wodwala wotere amgoneka m'cipinda ca odwala mwakayakaya, conga cija ca ku UTH mu Lusaka. Ngati sanatsitsimuke, amlowetsa paipi pakhosi kuti makina azimpumira. Mpweya wa okosijeni aupereka moyeza, pakati pa 94 ndi 98 pa 100 m'mwazi, cifukwa wocepa uononga bongo, ndipo wocuruka uononganso. Mwazi ukayenda mofooka, amuika madzi a m'diripi ndi mankhwala monga noradrenaline, amene amafinya mitsempha kuti mwazi ufike ku bongo ndi ku impso. Anamwino amayeza ngakhale mkodzo ora liri lonse: ukacepa, adziwa kuti mwazi sukufika bwino ku impso. Kutentha kwa thupi nako akuletsa kwa masiku atatu.

Acibale amabvutika mtima poona munthu wao ali duu, osayankha. Ena afuna kumtenga kuti akafere kwao. Koma nthawi zambiri ali m'tulo ta mankhwala, ndipo madokotala saweruza za bongo wace asanapite maora 72.

Inu a kumudzi, wodwala akayambanso kupuma koma osatsitsimuka, mgonekeni cam'mbali, musamwetse madzi kapena phala, pakuti zingalowe m'mapapo. Funani galimoto msanga, ndipo panjira yang'anirani cifuwa cace; akaleka kupuma, yambaninso kukanikiza.

Muamba anayamba kulankhula patapita masiku awiri. Anaturuka m'cipatala pa 16 Epulo ali ndi kacipangizo koyang'anira mtima m'cifuwa, ndipo mu Ogasiti caka comweco analeka mpira.