Galimoto kapena tekisi: mutu wozunguza Amalawi a ku Amanzimtoti

Dzuwa likamatuluka panyanja, msewu wa N2 umakhala utadzaza kale pa Amanzimtoti. Magalimoto amakhala ali ndondondo kulowera ku Durban, ambiri mwa iwo muli munthu mmodzi yekha. Nthawi yomweyo matekisi, omwe kwathu timati maminibasi, amakhala akutsika kuchokera ku KwaMakhutha ndi ku Isipingo kudzatula anthu ogwira ntchito m'makomo, m'mafakitale a ku Umbogintwini ndi m'masitolo a ku Galleria Mall. Pakati pawo pali Amalawi, ndipo ambiri anabwera ku Joni ndi loto limodzi: kudzabwerera kumudzi akuyendetsa galimoto yawoyawo.

Tauni imeneyi, imene anthu amangoitchula kuti Toti, inamangidwa poganizira munthu wa galimoto. Inatambalala motsatira gombe, ndipo malamulo a tsankho, makamaka Group Areas Act ya 1950, anasiyira azungu malo a kunyanja n'kukankhira anthu akuda kumtunda. Tsankho linatha mu 1994, koma mtunda wa pakati pa kogona ndi kuntchito sunafupike. Ngakhale bwalo la ndege, lomwe linali pafupi ndi Isipingo, linasamuka mu 2010 kupita ku King Shaka, kumpoto kwa Durban.

N'chifukwa chake wofuna galimoto sitingamunene kuti ndi wamatama. Matekisi amachepa kukangoda, ndipo woperekera zakudya amene waweruka 10 koloko usiku amatsala ndi Uber kapena Bolt, zomwe zingamudyere gawo lalikulu la malipiro a tsikulo. Tekisi sinyamuka pa renki isanadzaze. Mabungwe a eni matekisi akakangana kapena akanyanyala, wantchito ndiye amakafotokoza kwa bwana.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlendo wopanda chitupa cha South Africa ayenera kupeza kaye traffic register number kuti galimoto ilembedwe m'dzina lake, ndipo mabanki sabwereketsa ndalama kwa munthu amene mapepala ake sali bwino. Ena amalembetsa galimoto m'dzina la mnzawo; ubwenzi ukatha, galimoto nayo yapita. Ndiye pali layisensi ya chaka ndi chaka, matayala, makaniko, mbava, ndi petulo amene mu July 2022 anadutsa R25 pa lita. Inshuwalansi ya galimoto si yokakamiza ku South Africa, choncho ambiri amayenda opanda, ndipo ngozi imodzi imafafaniza thukuta la zaka zingapo. Zonsezi zikutuluka m'thumba lomwelo limene likulipira lendi ndi kutumiza ya feteleza ku Mangochi kapena ku Mzimba.

Chimene chikanathetsa mkangano wa galimoto kapena tekisi ndi sitima. Njanji ya Metrorail ya kugombe la kumwera imachoka ku Durban kudutsa Isipingo, Amanzimtoti, Doonside ndi Winklespruit mpaka ku Kelso, ndipo kwa zaka zambiri sitima ndiyo inali yotsika mtengo kuposa zonse. Kuba kwa mawaya kunaifooketsa, kenaka madzi osefukira a mu April 2022, omwe anapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, anakokolola mbali zina za njanjiyo, sitima n'kuima kwa nthawi yaitali. Madzi omwewo anamiza fakitale ya Toyota ku Prospecton, kufupi ndi Toti, ndipo inatsekedwa miyezi pafupifupi inayi. Fakitale imeneyi ndiyo imapanga Hilux ya bwana komanso HiAce Ses'fikile, tekisi imene wantchito wake amakwera. Fakitale inadzuka msanga. Njanji ya osauka inadikira. Kusiyana kumeneku kumandiwawa, chifukwa kampani ya boma ya PRASA, yomwe imayendetsa Metrorail, ikachedwa, olipira ndi mayi wochapa zovala ndi bambo wosamala maluwa.

Ine ndikuona kuti kwa Mmalawi wa ku Toti galimoto ndi yoyenera ngati nayonso ikugwira ntchito. Amene amatchetcha kapinga m'makomo, womanga, kapena wopenta, pikiyapu yakale imamunyamulira zida ndi anyamata ake, n'kumufikitsa pa maganyu atatu tsiku limodzi. Koma amene amapita pamalo amodzi m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanalowe, tekisi imamusiyira ndalama yogulira malata. Ndipo amene akusunga kuti adzapite nayo kumudzi awerengeretu mafuta a ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, komanso msonkho umene a MRA adzamufunse akafika pa chipata cha Mwanza.