Masiku 100 pa Chilumba cha Eleuthera

Kholo lililonse limene linaperekezapo mwana ku depoti ya basi pa tsiku lotsegulira sukulu, mwanayo atanyamula sutikesi, ndowa ndi kamba wa chimanga chokazinga, lidziwa funso limene limatsala mumtima basi itapita: kodi mwanayu akakhala munthu wotani kumene diso lathu silifika? Mwezi uno, okondedwa owerenga, tifuna kukusimbirani za sukulu ina ya kutali ndithu, imene eni ake anaimanga dala kuti mwana achoke pamaso pa makolo ake, alandidwe zambiri zimene anazizolowera, ndipo aone yekha chimene chidzatsala mwa iye.

Dzina la sukuluyi ndi The Island School, ndipo ili pa chilumba cha Eleuthera m'dziko la Bahamas, kum'mwera chakum'mawa kwa Florida. Chilumbachi ndi chachitali ndi chopyapyala ngati njoka. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 180, koma m'malo ambiri munthu angathe kuchidutsa pansi kuchokera ku gombe lina kufika ku linzake asanatope. Sukuluyo ili kunsonga ya kum'mwera, pa malo otchedwa Cape Eleuthera, kumene msewu umathera. Anaiyambitsa m'chaka cha 1999 ndi Bambo Chris Maxey ndi akazi awo, Mayi Pam. Bambo Maxey anali atagwirapo ntchito ya usilikali wa pamadzi, pambuyo pake nakhala mphunzitsi pa sukulu ya Lawrenceville ku New Jersey. Kawiri pa chaka sukuluyi imalandira anyamata ndi atsikana pafupifupi 50 a msinkhu wa ku sekondale, ambiri a iwo ochokera ku America. Amasiya sukulu zao kwa teremu imodzi, masiku 100, kenaka nabwerera kwao.

Chinthu choyamba chimene mwana amapereka pofika ndi foni yake ya m'manja. Aphunzitsi amaisunga kufikira tsiku lochoka. Mwana amaloledwa kulankhula ndi a kwao kamodzi pa sabata, kwa mphindi zowerengeka, ndipo zina zonse zimayenda pa kalata. Ife amene tinaphunzira kale, pamene kalata ya mayi inkatenga masabata awiri kuti ifike ku sukulu ndipo tinkaiwerenga kufikira pepala litang'ambika m'mapindidwe, sitingaone chachilendo pamenepa. Koma kwa mwana amene chibadwire sanagonepo foni ili kutali ndi mutu wake, ichi ndi chipsinjo chachikulu. Akakangana ndi mnzake wa m'chipinda chogona, alibe kothawira. Sangaitane mayi ake kuti amuweruzire mlandu usiku womwewo, koma ayenera kudzuka m'mawa, kumuyang'ana mnzakeyo m'maso, ndi kutsuka naye mbale. Tikhulupirira kuti makolo enanso amavutika ndi lamuloli kuposa ana ao, pakuti kholo lozolowera kudziwa ola lililonse kumene mwana ali, liyenera kuphunzira kudikira tsiku lake.

Chinthu chachiwiri ndi madzi. Pa Eleuthera palibe mtsinje, pakuti nthaka yake ndi ya miyala ya laimu imene imamwa mvula msangamsanga. Madzi a pa sukulu ndi a mvula, ochokera pa madenga, ndipo amasungidwa m'zitsime zomangidwa pansi pa nyumba. Ophunzira eni ake ndiwo amayeza madzi otsala m'zitsimezo. Chotero mwana amene kwao ankasiya mpopi ukutayika pamene akutsuka mano, amaphunzira kusamba monga asambira amalinyero: kutsegula madzi pang'ono kuti anyowe, kutseka, kudzola sopo, ndi kutsegulanso pang'ono kuti adzitsukuluze. Palibe mphunzitsi amene ayenera kumulalikira za kusamala. Chitsime chimalalikira chokha, chifukwa munthu mmodzi akawononga, onse amaona kuti madzi atsika.

Zinanso zimayenda motero. Magetsi ambiri amachokera ku dzuwa ndi ku mphepo. Zotsala za chakudya zimapita ku nkhumba ndi ku dzenje la manyowa. Amaweta nsomba za mtundu wa tilapia, abale ake a chambo ndi makumba, m'matanki, ndipo madzi a nsombazo amathirira ndiwo zamasamba, masambawo nayeretsa madzi kuti abwerere ku nsomba. Sukuluyi inatchukanso chifukwa chotenga mafuta ophikira otha ntchito, ochokera m'sitima zonyamula alendo, ndi kuwasandutsa mafuta oyendetsera galimoto zake. Kusesa, kutsuka zimbudzi ndi kusamalira munda ndi ntchito ya ophunzira, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi.

Tsiku limayamba kukamacha. Onse amasonkhana mozungulira mbendera, kenaka nayamba kuthamanga kapena kusambira m'nyanja. Si masewera chabe ayi, pakuti mwana aliyense asankha chimodzi mwa ziwiri chimene adzachite kumapeto a teremu: kuthamanga makilomita 21, kapena kusambira makilomita oposa 6 m'nyanja yeniyeni ya mafunde. Pali mwambo winanso wosankha wophunzira kuti atsogolere anzake, ndipo amamutcha cacique, liwu limene linkatanthauza mfumu pakati pa anthu oyamba a m'zilumbazi, a Lucayan. Anthu amenewa anatha psiti patangopita zaka pafupifupi 30 Columbus atafika mu 1492, pakuti Asipanya anawatenga ukapolo. Nkwabwino kuti ana a anthu olemera atchule liwu limeneli ndi kufunsa kumene eni ake anapita.

Maphunziro ambiri sachitikira m'kalasi. Ophunzira amaphunzitsidwa kumira pansi pa nyanja atabereka chitini cha mpweya kumsana, kuti akaone ndi maso zimene ena amangowerenga m'buku. Pafupi ndi sukulu pali malo a kafukufuku otchedwa Cape Eleuthera Institute, ndipo ana amathandiza akatswiri a kumeneko kuwerenga ndi kuyeza nsomba za shaki, akamba a m'nyanja, ndi nkhono zikuluzikulu zotchedwa conch, zimene anthu a ku Bahamas amazikonda monga ndiwo, koma zikuchepa chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso. Palinso nsomba ina yokongola ya minga yaululu, lionfish, imene kwao ndi ku nyanja za Indian ndi Pacific. Inaoneka ku Bahamas cha m'ma 2004, ndipo inaswana kwambiri ndi kumadya ana a nsomba za kumeneko, popeza ilibe mdani woiopsa. Ana amaphunzira kuivula minga, kuitumbula kuti aone chimene yadya, ndiponso kuiphika. M'mudzi woyandikana nawo wa Deep Creek muli sukulu ya ana a pa chilumbapo imene inatsegulidwa mu 2001, ndipo alendowa amapitako kukachita zinthu limodzi ndi eni dziko.

Koma chimene ophunzira amachiopa koposa, ndi chimene ife tachilingalira nthawi yaitali, chimadza pa ulendo wa masiku angapo wopalasa timabwato totchedwa kayak. Pa ulendowu mwana aliyense amasiyidwa yekha pa kachigawo kake ka gombe kwa maola 48. Amamupatsa madzi, kachakudya kochepa, chinsalu chodzitchinjirizira ku dzuwa ndi mvula, ndi kabuku kolembamo. Aphunzitsi amakhala chapafupi kuti aone ngati ali bwino, koma sacheza naye. Masiku awiri ndi usiku uwiri, mwana wa zaka 16 amakhala ndi mafunde, udzudzu, mdima ndi maganizo ake. Tifunse moona mtima: ndani mwa ife akulu, ngakhale akulu a mpingo, anakhalapo chete yekha maola 48?

Tiyenera kunena poyera kuti iyi si sukulu ya mpingo, ndipo mwanayo satumidwa ku gombe kukapemphera. Chimene adzachite ndi chete ameneyo chidalira pa chimene anabwera nacho kuchokera kwao. Ife tidziwa kuti Ambuye wathu ankadzuka kusanache kupita ku malo a yekha, monga tiwerenga pa Marko 1:35, ndipo mwana amene anaphunzitsidwa kupemphera yekha, osati pa tebulo pokha pamene bambo ayang'ana, sadzakhala wopanda wolankhula naye pa gombelo. Chilumbachi chokha chili ndi mbiri yotere. Dzina loti Eleuthera lichokera ku liwu la Chigriki lotanthauza ufulu. M'chaka cha 1648 anthu pafupifupi 70 anachoka ku Bermuda motsogozedwa ndi William Sayle, kufuna malo opembedzerako Mulungu monga mwa chikumbumtima chao. Chombo chao chinasweka pa matanthwe a kumpoto kwa chilumbachi, katundu wao namira, ndipo iwo anabisala m'phanga limene ankachitiramonso mapemphero. Phangalo likadalipo, ndipo mpaka lero litchedwa Preacher's Cave, ndiko kuti phanga la mlaliki.

Pali china chimene chimatiseketsa pang'ono, ngakhale kusekako kuli ndi chisoni mkati. Teremu imodzi pa sukuluyi imalipiridwa madola a ku America zikwi makumi angapo, ngakhale ena amalandira chithandizo. Tsono makolo amapereka chuma chonsechi kuti mwana wao akaphunzire kusunga madzi, kudyetsa nkhumba, kusesa pabwalo ndi kuyenda mtunda wautali. Mtsikana wa kumudzi amene amasenza ndowa kuchokera ku mjigo tambala woyamba atangolira anadziwa kale kulemera kwa madzi popanda kulipira khobidi. Sitikuti umphawi ndi sukulu yabwino, iai, pakuti mwana wa ku America uja adziwa kuti pa tsiku la 101 adzabwerera ku mpopi wosaphwa, pamene mtsikanayu alibe tsiku lotere. Koma timadabwa poona makolo ena a m'tauni akuchita manyazi kutuma mwana kukatsuka mphika, namaganiza kuti kumeneko ndiye kumukonda, pamene anthu olemera kutiposa awoloketsa ana ao nyanja kuti akagwire tsache.

Teremu ikamatha, makolo amaloledwa kubwera kwa masiku ochepa. Pamenepo zinthu zimatembenuka: mwana ndiye amaima kutsogolo kufotokoza za kafukufuku wake, ndiye amaonetsa bambo ake kumene kuli zitsime ndi khola la nkhumba, ndi kuwachenjeza kuti asataye madzi posamba. Makolo akapita, kumatsala kuthamanga kuja ndi kusambira kuja, ndi kulongedza katundu. Pa tsiku lomaliza aliyense amabwezeredwa foni yake, nakwera galimoto kupita ku bwalo la ndege la ku Rock Sound.